NSALU, MINYANGA NDI GOLIDE: MMENE AYAO ANAZEMBERA CHIPATA CHA APWITIKIZI

Idi ikamayandikira, matelala a pa Songani sagona tulo. Bambo akufuna mkanjo, mayi akufuna chitenje ndi mpango, ana nawo akulirira zawo. Tonsefe timatenga ndalama kukagula nsalu ndipo palibe amene amadabwa nazo. Koma abale ndi alongo, m'dziko lomwe lino munali nthawi imene nsaluyo ndiyo inali ndalama. Mbuzi inkagulidwa ndi mikono ya nsalu, wonyamula katundu ankalipidwa mikwamba ya nsalu, mlandu unkatha ndi nsalu. Nsalu imeneyi inkachokera ku India n'kutsikira pa madoko a kumbwani, ndipo ambiri mwa amene ankaisenza pamutu kubwera nayo kuno anali Ayao. Pa madoko amenewo makolo athuwa anakumana ndi anthu a maganizo ena ndithu pa nkhani ya chuma. Maganizo ake ndi amene m'mabuku a mbiri amatchedwa mercantilism. Dzinali n'lolemera pakamwa, koma nkhani yake n'njosavuta kumva.

Kuyambira cha m'ma 1500 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, mafumu a ku Ulaya ndi alangizi awo ankakhulupirira kuti mphamvu ya dziko ili mu golide ndi siliva amene dzikolo lasunga. Nanga dziko lopanda migodi limpeza bwanji golideyo? Iwo ankati njira ndi imodzi: gulitsani zambiri kwa anthu akunja, inu mugule zochepa kwa iwo, ndipo zotsalazo adzakulipirani ndi golide kapena siliva. Mngerezi wina dzina lake Thomas Mun, mmodzi wa akuluakulu a East India Company, analemba buku lofotokoza zimenezi, lomwe linatuluka m'chaka cha 1664 mwini wake atamwalira kale. Ku France, Jean-Baptiste Colbert, nduna ya zachuma ya Mfumu Louis XIV, ankaona kuti ndalama za mu Ulaya n'zowerengeka, kotero dziko lake silingalemere popanda kuchotsako za Adatchi ndi Angerezi. Kwa anthu oganiza motere malonda anali nkhondo ndithu, kungoti m'malo mwa mfuti pankagwira ntchito msonkho ndi malamulo.

Malamulo ake anali otere. Mu 1651 Angerezi analamula kuti katundu wa ku Asia, Afrika ndi Amereka azilowa m'dziko mwawo pa zombo za Angerezi zokha. Mu 1721 analetsa anthu awo kuvala nsalu zamaluwa za ku India, poti zinkapha msika wa nsalu zaubweya za kwawo. Mafumu ankapatsa kampani imodzi chilolezo choti yokhayo ndiyo izichita malonda ku dera lakutilakuti, wina aliyense wopezeka kumeneko ndi mbala. Ndipo dziko lolamulidwa ndi atsamunda ntchito yake inali kupereka zokolola ndi miyala ya mtengo wapatali kwa mbuye wake yekha, n'kumagulanso kwa mbuye yemweyo. Tisafulumire kuwaseka anthu amenewa. Masiku amenewo nkhondo ku Ulaya sizinkatha, ndipo msilikali waganyu sankamva za pepala kapena lonjezo, ankafuna ndalama yachitsulo m'manja. Mfumu yopanda siliva m'bokosi inali pangozi yeniyeni. Kutchingira nsalu za ku India kunathandizanso kuti Angerezi aphunzire kuomba zawo za thonje. Chimene anaiwala n'chakuti munthu amene ukufuna kumupanikiza nayenso ali ndi mutu, ali ndi miyendo.

Tsono tibwere kwathu kuno. Apwitikizi asanafike, malonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere anali m'manja mwa mizinda ya Aswahili, ndipo wotchuka kummwera kuno unali Kilwa, umene lero uli m'dziko la Tanzania. Ibn Battuta anafika kumeneko mu 1331 ndipo anautama kukongola kwake. Golide ankachokera ku mapiri a Zimbabwe n'kutsikira pa Sofala, kuchoka apo n'kupita ku Kilwa, kenaka n'kukwera zombo za mphepo kunka ku Arabia ndi ku India. Masultani a ku Kilwa ankasula ndalama zawozawo zamkuwa. Ngakhale mawu athuwa akuti “ndalama”, akatswiri a zilankhulo amati kholo lake ndi dirham ya Aluya. Ndiye kuti mawuwo anayenda njira yomweyo imene inayenda nsalu.

Vasco da Gama anaima pa chilumba cha Mozambique mu 1498 napeza zombo za amalonda zili ndi golide. Patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 1505, Francisco de Almeida anathira nkhondo Kilwa nafunkha mzindawo, ndipo chaka chomwecho Apwitikizi anamanga linga pa Sofala. Lamulo lochokera ku Lisbon linali lakuti golide yense azidutsa m'manja mwa kalaliki wa mfumu pa lingalo. Chombo cha munthu wina chinkayenera kukhala ndi chiphaso chawo chotchedwa cartaz, apo ayi chilandidwa. Papepala zinali bwino ndithu: chipata chimodzi, mlonda mmodzi, golide yense ku bokosi la mfumu. Koma amalonda Achisilamu anangosintha njira. Anayamba kutsitsa golide kudzera mu Zambezi n'kukatulukira pa Angoche. Apwitikizi anatentha Angoche mu 1511, komabe golide wofika pa Sofala anali wochepa moti zaka zina sankakwana n'kulipira komwe asilikali olondera lingalo.

Poona izi anati basi, tikagwire migodi yeniyeniyo. Anakwera ndi Zambezi nakhazikika pa Sena ndi pa Tete cha m'ma 1530. Mu 1569 mfumu inatuma Francisco Barreto ndi asilikali pafupifupi 1,000 kuti akalande migodi ya Mwenemutapa. Atafika pa Sena mahatchi ndi anthu anayamba kufa ndi matenda, ndipo iwo ananamizira amalonda Achisilamu a pamenepo kuti athira chiphe, nawapha mwankhanza. Migodi sanaigwire, ndipo Barreto mwini wake anafera pa Sena mu 1573. Kenaka kunabuka mphekesera yakuti ku Chicoa, kumtunda kwa Tete, kuli siliva wosaneneka. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka wapansi ku Tete ndi zitsanzo za silivayo, nadutsa m'dziko la Amaravi, nawoloka Shire, nakafika ku Kilwa patatha pafupifupi miyezi iwiri. Taonani: mzungu woyamba amene ulendo wake wodutsa m'dziko lino unalembedwa sanabwerere nyanja kapena mapiri athuwa, ankathamangira kukaonetsa mfumu yake siliva. Migodi ya ku Chicoa inafunidwa mpaka eni ake anatopa, osaipeza.

Chimene chinapezeka chochuluka chinali minyanga ya njovu. Ku India inkafunika kwambiri, makamaka popangira zibangili za akwatibwi, ndipo minyanga ya kuno ndi yaikulu komanso yofewa posema. Apa ndi pamene maganizo a mercantilism anapunthwa. Kuti ugule mnyanga kwa Mmaravi kapena Myao, golide ndi siliva zinalibe ntchito. Iwo ankafuna nsalu ndi mikanda. Koma ku Portugal sikunkaombedwa nsalu imene anthu kuno ankaikonda. Nsaluyo inkaombedwa ku Gujarat. Chomwecho Mpwitikizi anangokhala mlonda wa pachipata pakati pa mwini nsalu ndi mwini mnyanga. Udindo wa kapitawo wa pa Mozambique unkaperekedwa kwa zaka zitatu, pamodzi ndi ufulu woti iye yekha ndiye azilowetsa katundu mu Zambezi, bola alipire ku thumba la mfumu. Munthu wolipira mpando wa zaka zitatu mukudziwa mmene amadyera. Mu 1686 boma lawo la ku Goa linapereka malonda a pakati pa Diu ndi Mozambique kwa gulu la Amwenye a ku Diu, ndipo kuyambira pamenepo phindu lenileni linkabwerera ku India, Apwitikizi ambiri a pa chilumbapo n'kumangotenga nsalu pangongole kwa Amwenyewo.

Nanga Ayao analowa bwanji m'nkhaniyi? Kwawo kunali ku mapiri a pakati pa mitsinje ya Lujenda ndi Ruvuma, dera limene lero ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao limene linasindikizidwa pa Zomba pompa mu 1919, akuti amene anayamba maulendo anali Achisi, anthu osula zitsulo. Ankayenda ndi makasu ndi nkhwangwa kusinthanitsa m'midzi, ulendo uno apa, ulendo winawo patsogolo pang'ono, mpaka anatulukira kunyanja ya mchere nabwerako ndi nsalu. Anthu ovala chiwondo ataiona nsalu, maulendo sanalekekenso. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1700 Ayao ndiwo ankabweretsa minyanga yambiri pa Mossuril, kumtunda koyang'anana ndi chilumba cha Mozambique. Apwitikizi ankawatcha Mujao, ndipo chilimwe chilichonse ankadikira ulendo wa Mujao monga mlimi adikira mvula.

Ulendo wotere sunali wamasewera. Anthu ankanyamuka mvula italeka, mitsinje itaphwa, ndipo ankatha miyezi panjira, mnyanga uli paphewa. Minyanga ina ankapha okha njovu zake, yambiri ankagula kwa Amaravi ndi kwa Abisa ochokera kutali kumadzulo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Mtsogoleri wa ulendo ankayenera kudziwa madooko, kudziwa mfumu yofunika kuigwira mwendo ndi nsalu kuti ulendo udutse, kudziwa mtundu wa mikanda imene yatha fashoni kumtunda ndi imene ikufunidwa chaka chino. Eetu, mikanda nayo inkatha fashoni, ndipo wobwera ndi yolakwika ankabwerera nayo. Chuma cha anthu amenewa chinali m'mutu ndi m'mapazi: ankadziwa njira zoposa imodzi, ndipo ankadziwa kuti mkwamba wa nsalu ukupita pa mtengo wanji pa doko lina.

Mu 1750 ku Lisbon kunakwera nduna yamphamvu imene pambuyo pake inatchedwa Marquês de Pombal, munthu wokhulupirira mercantilism ndi mtima wonse. Chinkamuwawa n'chakuti golide wochuluka amene ankakumbidwa ku Brazil sankagona mu Lisbon. Ankangodutsa kupita ku London kukalipira nsalu zaubweya za Angerezi, zimene pangano la Methuen la mu 1703 linazitsegulira khomo. Pombal anayambitsa makampani odya okha a malonda a ku Brazil, ndipo mu 1752 Mozambique inachotsedwa m'manja mwa Goa kuti izimvera Lisbon mwachindunji. M'zaka zomwezo malonda a pa Mozambique anatsegulidwa kwa nzika zonse za Portugal, koma timikanda totchedwa velório, timene tinkayenda malonda kwambiri kumtunda kuno, tinasiyidwa kuti tizigulitsidwa ndi boma lokha. Mu 1766 Bwanamkubwa Pereira do Lago analola kuti Apwitikizi a pa chilumbapo apange kampani yoti yokhayo ndiyo izigula kwa Ayao ndi Amakua. Cholinga chinali choonekeratu: kukankhira Amwenye pambali, ndipo wogula akatsala mmodzi mtengo amatchula ndi iye. Kampaniyo sinakhalitse, inathetsedwa patangopita zaka zochepa.

Pamwamba pa zonsezi panali msonkho wolemera wa kasitomu, umene unkakweza mtengo wa nsalu iliyonse yodutsa pa chilumbapo, ndiponso nkhondo za Apwitikizi ndi Amakua zimene zaka zina zinkatsekeratu njira. Ayao sanalembe kalata yodandaula ku Lisbon, ndipo linga sanalithire nkhondo. Anangotembenuza ulendo kuloza kumpoto. Paja madzi saiwala khwawa: njira ya ku Kilwa ankaidziwa kale. Kumeneko, chichotsedwere Apwitikizi pa Mombasa ndi Aluya a ku Oman mu 1698, za cartaz zinali zitatha, nsalu yomweyo ya ku Gujarat inkafika yotsika mtengo, ndipo mnyanga unkagulidwa bwino. Akuluakulu a pa Mozambique ankangolemba madandaulo kuti minyanga ya Mujao ikuthawira kwa Aluya. Zaka zina Ayao ankabwererako mitengo ikakoma ndi njira ikatseguka, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 minyanga yawo yambiri inkapita ku Kilwa.

Ku Ulaya nakonso maganizowa anali atayamba kutsutsidwa. Mu 1752, chaka chomwe chija Mozambique inachoka m'manja mwa Goa, David Hume wa ku Scotland anafotokoza kuti golide saunjikika malo amodzi mpaka kalekale. Akachuluka m'dziko mitengo ya zinthu imakwera, katundu wa dzikolo sagulikanso kunja, anthu ake amayamba kugula zotchipa za akunja, ndipo golide uja amatulukanso, monga madzi a m'munda wa mpunga amene sungawaunjike ngodya imodzi. Umboni unali dziko la Spain. Siliva wa ku Potosí, amene anapezeka mu 1545, anasefukira m'dzikomo, mitengo inakwera, ndipo silivayo anakathera kwa Adatchi, ku Genoa ndi ku China. Mu 1776 Adam Smith anawonjezera kuti chuma cha dziko ndi zimene anthu ake amalima ndi kupanga, nadzudzula makampani odya okha aja. Amene tinakhalapo pa mkeka wa madrasa tingakumbutseko kuti zaka pafupifupi 400 Smith asanalembe, mu 1377, Ibn Khaldun wa ku Tunis anali atanena kale m'buku lake la Muqaddimah kuti mfumu ikalowa yokha m'malonda imapha amalonda ake, ndipo msonkho wake womwe umachepa. Pa Sofala ndi pa Mossuril zinachitika ndendende.

Koma nkhaniyi tisaikometse kuposa mmene inalili. Mu 1776 momwemo, Mfalansa wina wamalonda, Jean-Vincent Morice, anapangana ndi Sultani wa ku Kilwa kuti azimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, opita ku minda ya pa zilumba za Mauritius ndi Réunion. Imeneyi ndi mbali ya mercantilism imene mabuku ena amaidumpha: kuti chilumba chipereke shuga ndi khofi wotchipa kwa mbuye wake, pankafunika anthu olima osalipidwa. Njira imene inazemba chipata cha Apwitikizi ndi yomweyo imene inayamba kunyamula anthu. Ndipo amene ankawagwira ndi kuwayendetsa m'magoli sanali azungu kapena Aluya okha ayi. Ambiri anali mafumu athu omwe, ogulitsa Amang'anja, Anyanja ngakhalenso Ayao anzawo posinthana ndi nsalu, mfuti ndi wonga. M'midzi ya m'chigwa chino muli zidzukulu za ogwira ndi za ogwidwa, ndipo tinakwatirana kalekale. Kuchenjera pa malonda kunalipo, sitikukana. Nkhanza nayonso inalipo, ndipo imeneyi sitingaikankhire kwa Pombal.

Amene anamvetsa bwino phunziro la pa Mossuril anali Seyyid Said wa ku Oman, amene anasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha mu 1840. Iyeyu anaika msonkho umodzi wa 5 pa 100 pa katundu wolowa, naitana Amwenye kuti abwere ndi chuma chawo, nachita mapangano a malonda ndi Amereka mu 1833, Angerezi mu 1839 ndi Afalansa mu 1844. Ndalama yasiliva sanavutike n'kusula yake. Pa Zanzibar pankayenda ya ku Austria ya mutu wa Maria Theresa. Iye chake chinali chakuti zombo zichuluke padoko basi. Zombo za ku Salem zinabwera ndi nsalu yoyera yolimba imene mpaka inatenga dzina la kwawoko, merikani. Nayenso sanali woyera m'manja: gombe loyang'anana ndi Zanzibar analitsekera azungu kuti minyanga ya kumeneko izidutsa mwa iye, ndipo minda yake ya zonunkhira za karafuu inkalimidwa ndi akapolo. Komabe minyanga inakwera mtengo, nsalu inatsika, ndipo m'nyengo imeneyi ndimo munakula mafumu otchuka a Ayao: Mataka ku Mwembe, Makanjila ndi Mponda kunyanja. David Livingstone atafika ku Mwembe mu 1866 anapeza mudzi wa nyumba pafupifupi 1,000, zambiri zomangidwa za ngodya zinayi motsanzira za kumbwani. Alembi ndi masheikh oyamba anabwera ndi maulendo omwewa.

Kuno kwathu Ayao a Amachinga anafika cha m'ma 1860, pothawa nkhondo ndi njala kwawo komanso potsata malonda. Malemia anakhala kuno ku Domasi, Kawinga pa phiri la Chikala. Malowa anali abwino pa malonda: mchere wa ku Chilwa, chakudya cha apaulendo, ndi njira yodzera ku Chiuta kutsata Lujenda mpaka kumbwani. Angerezi atabwera, pakamwa pawo panali mawu a Adam Smith, akuti malonda aufulu. Kampani ya Mandala inayambira ku Glasgow mu 1878, mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884, ndipo mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, pangano lawo ndi Apwitikizi n'kutsegula Zambezi ndi doko la Chinde. Koma Harry Johnston atakhala pa Zomba anaika kasitomu pa Chiromo, msonkho pa minyanga yotuluka ndi malaisensi a mfuti. Ulendo wodzera njira yakale unasanduka wozembetsa. Mu 1895 Kawinga anaukira Malemia, boma linatumiza asilikali ndipo Chikala inagwa. Chaka chomwecho anagonja Jalasi, Mponda ndi Makanjila. Nkhondo zimenezi zinathetsa malonda a akapolo, ndipo pamenepo palibe wolira. Koma zinathetsanso kusankha doko.

Chipata chinakhalanso chimodzi, ndipo ulendo uno kunalibe Kilwa wina wothawirako. Kilwa inali italowa m'manja mwa Ajeremani, ndipo dziko la kwawo kwa Ayao Apwitikizi analipereka kwa Companhia do Niassa, kampani yodya yokha ngati za masiku a Pombal. Zidzukulu za anthu amene ankakana mtengo pa Mossuril zinayamba kulembedwa utengatenga wa Mandala, ntchito ya m'minda ya khofi ndi usilikali pa Zomba, kuti zipeze masheleni atatu a msonkho wa nyumba. Mataka ndiye anapitiriza kutumiza maulendo kumbwani mozemba, mpaka Apwitikizi analanda Mwembe mu 1912, iye n'kuthawira kutsidya kwa Ruvuma.